Suli Ngati Akazi Ena

Pakhonde la sitolo yaikulu ya zipangizo zamagetsi pali mzere wa matebulo a okonza mafoni, ndipo pamzere wonsewo mkazi analipo mmodzi yekha. Anzake a pantchito ankamutchula kuti Kawaya, poti anali wochepa thupi ndipo zala zake zinkalowa pamene za amuna zinkakanika. Dzinalo ankalikonda. Koma chimene chinkamusangalatsa koposa n'choti wina amumenye paphewa n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mwamuna mnzathu." Akamva zimenezo ankayenda ngati wakwezedwa pantchito.

Anzake aakazi analibe, ndipo ankazinena yekha monyadira. "Akazi atatu akakhala pamodzi, dziwani kuti wachinayi ndiye ndiwo," ankatero, amunawo n'kufa nalo phwete. Koma nthawi yoweruka ikakwana, aliyense ankakhoma bokosi lake n'kuthamangira kwa mkazi wake ndi ana ake. Mwamuna mnzawo uja ankakwera minibasi yekha, kukatsegula kachipinda ka lendi momwe munali bedi, mpando umodzi, ndi zenera loyang'anizana ndi khoma la eni nyumba. Ankayatsa wailesi osati kuti amvere, koma kuti m'nyumbamo mumveke mawu a munthu.

Tayi anadziwana naye chaka chatha. Anali kalaliki pa ofesi ina ya inshuwalansi, mnyamata waulemu, wosachedwa kupepesa. Dzinalo anamupatsa ndi anyamata a pakhondepo, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, iye tayi ili pakhosi. Ulendo woyamba anabwera ndi foni yomwe inagwera m'madzi. Wachiwiri anadzaitenga. Wachitatu anabwera nayo ili bwinobwino.

"Lero ikuvuta chiyani?" anafunsa Kawaya.

"Ili ndi vuto lalikulu. Mulibe nambala yanu."

Kawaya anamuseka, koma nambala anapereka. Patapita miyezi, akumuperekeza kokwerera minibasi, Tayi anamugwira dzanja n'kumuuza mawu amene anamugoneka tulo tabwino sabata yonse.

"Iwe suli ngati akazi ena."

* * *

Lamulungu lina masana Tayi anakhala pampando umodzi uja, Kawaya pabedi, akumwa tiyi.

"Mayi ndawauza za iwe," anatero Tayi.

Kawaya anasiya kumwa tiyi. "Ati chiyani?"

"Mayi alibe vuto kwenikweni, kungoti amamvera achemwali. Ndiye achemwaliwo…" Anakanda m'mutu. "Akuti mkazi wanji wokhala tsiku lonse pakati pa amuna, manja ali bii."

"Nanga wa manja osalala uja anamufuna?"

"Usayambe za uja."

Uja anali mtsikana wa saluni amene Tayi anali naye pachibwenzi poyamba. Kawaya anali asanamuonepo maso ndi maso, koma tsamba lake la mchezo ankalidziwa ngati njira ya kwawo. Ankalitsegula tsiku lililonse, ati kuti aseke. Mtsikanayo ankaika zithunzi mosatopa: lero tsitsi lofiira, mawa zikhadabo zazitali, ndipo nthawi zonse nsidze zojambula mochita kuyeza. Kawaya anamupatsa dzina loti Nsidze, n'kumamuwerengera milandu: kudzionetsera, kusaka amuna, mutu wopanda kanthu. Tinene zoona, inali nsanje. Koma mukanamuuza choncho akanakudyani wamoyo, poti iye ankati nsanje ndi matenda a akazi.

"Uja anali wamisala," anatero Tayi monga ankanenera nthawi zonse. "Kanthu kakang'ono kulira, kulalata, foni osaipumitsa. Iwe ndiwe wina. Achemwali akangokudziwa akukonda. Ingondipatsa nthawi."

Kawaya anamwetulira n'kumuwonjezera tiyi. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

* * *

Loweruka lotsatira kunabwera mayi wina wovala bwino, chikwama chachikopa pamkono, magalasi ali pamphumi. Anadutsa matebulo onse n'kudzaima pa la Kawaya. Anatulutsa foni yosweka galasi, koma maso ake sanali pafoniyo. Ankayang'ana ovolosi, zikhadabo zakuda, ndi amuna amene ankakuwa mbali zonse.

"Inagwa," anatero mayiyo.

Anyamata anali chete kudikira nthabwala, ndipo Kawaya sanafune kuwakhumudwitsa. "Inagwa kapena munaponyera bambo akunyumba? Azimayi inu mafoni simudziwa kusamala. Ntchito kujambula milomo ndi kunena anzanu basi."

Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Mayiyo sanaseke.

"Azimayi ife," anatero pang'onopang'ono. "Nanga inu ndinu ndani, mwana wanga?"

"Uyu ndi mwamuna mnzathu, mayi!" anayankha mnyamata wa tebulo lakumapeto.

"Ndaona." Mayiyo anabweza foni m'chikwama n'kutseka zipi. "Ndimafuna ndidzadzionere ndekha. Mchimwene wanga akamakutchulani sapuma, ndiye ndimati mwina anthu amangokunenerani. Mukamupatse moni wa tayi uja."

Anatembenuka n'kumapita, nsapato zikulira pasimenti. Kawaya anatsala ndi kachitsulo kowotcherera kakufuka utsi m'dzanja. Anafuna kuwathamangira, koma akanakanena chiyani? Madzulo anaimbira Tayi kuti amufotokozere. Tayi anati awalankhula, asadandaule.

* * *

Lolemba m'mawa anapeza anzake ataunjikana pafoni imodzi. Atamuona anabalalika, ena akubisa kuseka. Wamkulu wa onse, amene ankamutchula kuti Madala, ndiye anamupatsira foniyo osamuyang'ana kumaso.

Panali patsamba lina lalikulu pamene amayi amalangizana za m'banja. Achemwali ake a Tayi anali ataikapo chithunzi, pamwamba atalemba kuti: "Amayi anzanga, tandithandizeni maganizo. Mchimwene wanga akufuna kutibweretsera ichi pakhomo. Taonani mmene chikusekerera amuna."

Pachithunzipo panali Kawaya atakhala pamwamba pa tebulo, amuna atamuzungulira, dzanja la Madala lili paphewa pake. Ankaseka mano ali mbee, maso ali kwa wojambulayo.

Ndemanga zinali mbwee, ndipo pafupifupi zonse zinali za akazi. "Ameneyo si mkazi wa pabanja." "Tebulo lasanduka mpando? Kwawo kulibe akuluakulu?" "Oterewa ife timawadziwa, ntchitoyo ndi chophimba m'maso." Wina anangolemba kuti, "Kusaka amuna basi, mutu wopanda kanthu." Kawaya anabwereza kuwerenga pamenepo. Anali mawu ake enieni, omwe ankanenera Nsidze.

"Watchuka, Kawaya!" anakuwa wa tebulo lakumapeto uja. "Ukalemera uzitikumbukira!"

Enawo anaseka. Iye anayesa kuseka nawo, koma zinakanika. Madala anakoka tebulo lake kulitalikitsa pang'ono.

"Pepa, mwana wanga. Mayi akunyumba achiona chithunzichi, ndipo dzulo kunali milandu. Tiyambe tatalikirana mpaka anthu aiwale."

Tsiku lonselo palibe amene anamumenya paphewa. Chithunzicho Kawaya ankachidziwa bwino. Anajambula ndi Tayi, tsiku limene anabwera atavala tayi yatsopano ya maluwa, anyamata n'kumamufunsa ngati anadula katani ya mayi ake. Iye ankasekerera Tayi, osati munthu wina aliyense.

* * *

Anapita kuseri kwa sitolo, pamene amataya makatoni, n'kumuimbira.

"Ndaona," anatero Tayi asanapatsidwe n'komwe moni. Ankalankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene abwana ali pafupi. "Ndinawatumizira ndine kalekale, kuti aone kuti ndiwe munthu wansangala. Sindinadziwe kuti achita zimenezi. Pepa. Komanso iweyo Loweruka lija unawaputa."

"Ndikudziwa, ndipo ndikapepesa. Koma izi ndi zina. Lowa pamenepo ulembe kuti unajambula ndiwe, ndipo ndinkasekerera iwe. Mzere umodzi basi."

Kawaya anayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Ukundimva?"

"Ndikalemba ndikolezera moto. Ndi achemwali anga aja, anandilera, anandiphunzitsa sukulu. Ndiwatsutse pagulu? Zisiye, zitha zokha. Anthu a pa intaneti sachedwa kuiwala."

"Akunditchula hule, Tayi."

"Koma iwe ukudziwa kuti si zoona, inenso ndikudziwa. Limba mtima. Iwe suli ngati akazi ena oti kanthu kakang'ono misozi chuchuchu."

Misozi inali itafika kale m'maso, koma atamva zimenezo anaibweza. Akanalira bwanji? Akanasanduka ngati akazi ena, ndiye akanatsala ndi chiyani choti Tayi azimukondera? Anapukuta mphuno ndi mkono wa ovolosi n'kubwerera patebulo pake.

* * *

Lachiwiri sanapite kuntchito. Lachitatunso. Anagona chagada kuyang'ana kudenga, foni ili pachifuwa. Mwa amuna anzake onse aja anaimba mmodzi yekha, ndipo ameneyo ankafuna kubwereka chaja. Tayi ankatumiza timitima tofiira m'mawa ndi madzulo, koma osabwera, ati ku ofesi ntchito yachuluka. Mayi ake a Kawaya anali kutali, komanso nkhani ngati imeneyi siyouza kholo lodwaladwala. Kuseri kwa khoma ankamva ana a eni nyumba akulimbirana mpira, mayi awo akuwakalipira, ndipo ankasirira ngakhale kukalipiridwako. M'tauni yonseyi munthu woti angamugogodere chitseko analipo mmodzi, ndipo mmodziyo ankaopa achemwali ake. Kusungulumwa kunamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Munthu sasiya kukanda chilonda. Lachitatu masana anatsegulanso tsamba lija, n'kupeza zinthu zitatembenuka. Pamwamba pa ndemanga zonse panali yatsopano:

"Mtsikanayu ali pantchito yake, akudya thukuta lake. Kuseka kwakhala mlandu liti? Inu amayi, mwana wanu wamkazi akadzapeza ntchito pakati pa amuna, mudzafuna anthu adzamuike pano? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Pansi pake atsikana anali atakhamukirapo. Wina anaika chithunzi chake akuwotcherera zitsulo, wina atavala yunifolomu ya ulonda pakati pa alonda aamuna, wina ali pachiwongolero cha lole, wina ndi namwino ali ndi madokotala. Aliyense ankaseka, ndipo aliyense analemba mawu ofanana: "Inenso ndiikeni, ndimaseka."

Kawaya anayang'ana amene anayambitsa zonsezi, n'kudzuka kukhala tsonga. Nkhopeyo ankaidziwa, makamaka nsidze zake.

Posakhalitsa uthenga unalowa. "Ndine uja wa saluni. Mwadya lero?"

Anauyang'ana nthawi yaitali. Mkazi sangachitire mkazi mnzake zabwino popanda chifukwa, anaganiza choncho, apa pali msampha. Anayankha kuti, "Chisoni chanu sindikuchifuna."

"Chisoni ndilibe. Ndili ndi tiyi ndi buledi. Mawa masana makasitomala amachepa. Bwerani, mukapanda kundikonda mubwerera."

* * *

Anapita, ati kuti akangomva chimene mdaniyo akufuna. Saluniyo inali kachipinda konunkhira mafuta a tsitsi, kalilole wamkulu wong'aluka pakona, mipando iwiri ndi benchi. Nsidze ankasesa tsitsi pansi, atavala masilipasi, kumaso kopanda chodzola chilichonse. Anali wamfupi kuposa pazithunzi, ndipo ankaoneka wotopa.

"Takulandirani. Khalani apa, pampando wa mabwana."

"Zikomo, a Nsi…" Kawaya anagwira pakamwa.

"Malizani."

"Ayi, palibe."

"Mwayamba kale. A Nsi chiyani?"

"Nsidze," anatero Kawaya, maso ali pansi.

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mayo ine! Koma ndiye munandipatsa labwino. Ine ndinkakutchulani Sipanala."

"Mafoni sitimasula ndi sipanala."

"Ndikanadziwa bwanji? Ndinkangofuna dzina lopweteka. Tsamba lanu ndinkalitsegula tsiku lililonse, koma inu simuika kanthu. Munkanditopetsa, mayi inu."

Kawaya anapezeka akuseka, koyamba sabata imeneyo. Kenako anakumbukira chimene anabwerera, n'kulimbitsa nkhope. "Mwandiikira kumbuyo chifukwa chiyani? Ine ndinakulandani mwamuna."

"Simunalande. Munapeza atandisiya kale." Nsidze anathira tiyi m'makapu n'kukhala pabenchi. "Achemwali aja anandichita zomwezi. Ine anatenga chithunzi changa cha siketi yaifupi n'kulemba kuti, taonani chidole chimene chikufuna kudyera mchimwene wanga. Inu akuti mwachita umuna kwambiri, ine ankati ndachita ukazi kwambiri. Kaya amafuna wotani. Nthawi imeneyo palibe anandiyankhira. Amene ankandiponda kwambiri anali akazi anzanga, ena makasitomala anga omwe, tsitsi ndinawaluka ndine."

"Nanga iye anati chiyani?"

"Anati zisiye, zitha zokha. Ndinadikira, sizinathe. Ndinalira, ndinamuimbira, mapeto ake ndinakafika ku ofesi kwake n'kulalata. Basi, ndinasanduka wamisala." Anamuyang'ana Kawaya kudzera pakalilole. "Koma pachiyambi ankandiuza mawu okoma. Ankati, iwe suli ngati akazi ena."

Kawaya anaika kapu pansi. Manyazi anamugwira, ngati munthu amene wavala diresi yatsopano n'kukumana ndi mwini wake woyamba.

"Inunso eti?" anafunsa Nsidze mofatsa. Sanadikire yankho. "Ine ndinkawakonda mawu amenewo. Ndinachedwa kudzifunsa kuti, kodi akazi enawo analakwa chiyani? Si mayi anga amenewo? Si ang'ono anga?"

"Ndiye mukufuna ndimusiye."

"Ayi, zimenezo ndi zanu. Munthu uja si woipa, ndi wamantha chabe. Mwina kwa inu alimba mtima."

"Mumamufunabe?"

Nsidze anazunguza supuni m'kapu kwa kanthawi. "Masiku ena. Makamaka Lamulungu masana, kukakhala kopanda kopita. Koma zimenezo sizikukhudzana ndi zimene anakuchitani achemwali aja."

Yankholo linamubaya Kawaya, komabe analikhulupirira, poti munthu wotchera msampha sakanayankha choncho.

Asanatsanzikane, Nsidze anamuonetsa gulu la pafoni. "Atsikana munawaona patsamba aja ndi awa. Ambirife timakhala tokha m'zipinda za lendi. Tinayamba mnzathu wina atadwala m'nyumba masiku angapo, chitseko chokhoma, popanda wodziwa. Lamulo ndi limodzi. Ukaweruka n'kufika pakhomo umalemba kuti, ndafika. Ukapanda kulemba, timakuimbira. Ukapanda kuyankha, timabwera."

"Miseche mulibe?"

"Ilimo yambiri! Tinakhala angelo liti? Ndikuikenimo?"

Kawaya anayang'ana kumbali. "Ikani. Koma ine sindilankhulalankhula."

"Palibe akukufunsani ulaliki. Tandiuzani njira ya kwanu."

* * *

Madzulo amenewo, atakhoma chitseko, anakhala pabedi foni ili m'manja. Ankaona ngati ndi zachibwana, munthu wamkulu kumalengeza kuti wafika pakhomo pake pomwe. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza anatumiza: "Ndafika."

Foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa ndi malungo.

"Takulandira, sisi!"

"Ndiwe wa mafoni uja? Yanga ikutentha ngati ayironi, ndikupeza."

"Inu, musamuthamangitse ndi mavuto anu, munthu wangofika kumene."

"Wadya koma? Usagone ndi njala chifukwa cha anthu opanda ntchito."

Woyendetsa lole uja anatumiza mawu ojambula akuimba nyimbo yolandira mlendo, mawu ake oipa kwabasi, ndipo enawo anamuchonderera kuti asadzayambirenso. Kawaya anaseka, kenako misozi imene anaibweza kuseri kwa sitolo ija inabwera yonse. Analira ngati akazi ena, ndipo sanafe nazo.

* * *

Lachisanu anabwerera kuntchito. Poweruka, dzuwa litapendeka, anapeza Tayi ataima pakhomo pake, maluwa ali m'manja, nkhope ikuwala. Ngakhale Kawaya anamukwiyira, anali atamusowa kwambiri. Anatsegula chitseko, foni n'kuiponya pabedi.

"Ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero Tayi. "Mayi avomera. Akuti ubwere Lamulungu adzakuone."

Kawaya anakhala pansi. Tsiku limeneli analilota kangati? Apongozi, alamu, nyumba yaphokoso, kukhala ndi anthu oti n'kumati kwathu. "Ukunena zoona?"

"Zoona. Kungoti pali kanthu kakang'ono koti tikonze kaye." Anakhala pampando n'kumasula tayi pang'ono. "Atsikana aja awachititsa manyazi achemwali. Nkhani yafika mpaka kuntchito kwawo, anthu akuwaloza zala. Akungolira, sakudya. Mayi akuti mlendo sangalowe pakhomo mwana wawo akulira chifukwa cha iye."

"Chifukwa cha ine? Chithunzi ndinaika ndine?"

"Tamvera kaye. Tapeza njira yoti aliyense atuluke bwino. Iwe ungolemba patsamba pako kuti wafufuza, ndipo wapeza kuti amene anatumizira achemwali chithunzi chija, ndi mabodza ake omwe, ndi uja wa saluni, chifukwa cha nsanje. Kenako n'kudzadzionetsa ngati wokuikira kumbuyo. Achemwali ananamizidwa, basi. Iwo achotsa chithunzi, akupepesa, Lamulungu tidyera limodzi."



"Anthu akhulupirira," anapitiriza Tayi. "Amamudziwa kale kuti mutu wake suyenda bwino."

"Ndinakupempha mzere umodzi woona, unakana. Lero ukufuna ine ndilembe bodza lathunthu."

"Ndikuchitira ife, wokondedwa. Ndatopa kukhala pakati. Kunyumba akundikoka, kuno ukundikoka. Ndimakukonda, ndipo njira ina sindikuiona." Maso ake anali ofiira, ndipo Kawaya anaona kuti sakunama. Ankamukondadi, ndi mantha ake omwewo, ndipo zimenezi n'zimene zinkapweteka kwambiri. "Komanso uja ndi ndani kwa iwe? Si iwe unkati akazi ngati amenewo ndi mitu yopanda kanthu? Wayamba liti kuikira kumbuyo akazi?"

Mawuwo analidi a Kawaya.

"Bweretsa ndikulembere, iwe ungotumiza." Tayi anatola foni pabedi paja. Asanaitsegule n'komwe, inayamba kulira m'manja mwake. Pagalasi panatuluka nkhope yomwetulira, nsidze zojambula mochita kuyeza.

Apo m'pamene Kawaya anakumbukira kuti lero sanalembe kuti wafika.

Tayi anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana Kawaya. Kuwala konse kunachoka kumaso kwake. "Uyu akuimbira iwe? Mukudziwana?"

"Ndipatse foni yanga."

Tayi anatambasula dzanja, koma sanaisiye msanga. "Ukayankha foni imeneyi, Kawaya, za Lamulungu uiwale. Mayi sangamvetse, ndipo inenso sindingathe."

Foni inasiya kulira. Kunja mpira wa ana uja unkamenya khoma. Kenako inayambanso.

Kawaya anaima pakati pa chipinda chake, chala chili pamwamba pa galasi. Akayankha, mwamuna yekhayo amene anamukondapo atuluka pakhomopo osabwereranso. Akapanda kuyankha, ndiye kuti wayamba kale kumukana munthu amene anamufunsa ngati wadya pamene wina aliyense anali chete. Anayang'ana Tayi, Tayi anayang'ana pansi. Chala chinakana kutsika, ndipo foni inalira mpaka inatopa.

Tayi anapumira m'mwamba, n'kuyamba kumwetulira. "Wachita bwino. Tsopano tiye tilembe."

Asanamalize kulankhula, uthenga unalowa. Onse awiri anauwerengera pamodzi.

"Sisi, sukuyankha. Usaope, tanyamuka kale."